Miyezi Itatu ya Tamandani pa Loji

Ana anga, gawo ili ndinafuna kulidumpha. Bambo anu ndi amene anandiuza kuti ngati ndikulemba mbiri ya ntchito yanga kuti mudzangondiyamikira, bola ndisiye ndipite kudimba ndikapalire kachewere. Ndiye ndalemba.

Chaka choyamba mpaka chachisanu ndi chiwiri: Manjawira

Ntchito ndinayambira pa resitihausi ina ya zipinda khumi pa Manjawira, sukulu nditalekezera Fomu 2. Mwini wake anali bambo Kachale, amene anagwirako ku migodi ku Joni nabwerako ndi chifuwa chosatha komanso chidani chachikulu pa litsiro. Tsiku loyamba anandipatsa ndowa, chikolopa ndi mtanda wa sopo, nkunditengera m'chipinda chimene munagona dalaivala wa thiraki. Anati, "Nandau, usayambe kusesa. Nunkhiza kaye. Ukumva chiyani?" Ndinati ndikumva fodya ndi masokosi. Iwo anati, "Mlendo wa lero asamve zimenezo." Maphunziro anga a za mahotela anali amenewo. Alendo athu anali madalaivala, ogula mpunga wa kuchigwa ndi mavenda a zovala. Ndinaphunzira kusita mashiti ndi simbi yamakala osawadetsa, kuyala bedi mwachangu, ndi kuzindikira pankhope mlendo amene adzavute. Chaka china sopo anasowa m'masitolo, ndipo tinkadula mtanda umodzi tizidutswa ngati tikugawa chiwindi cha nkhuku. Bambo Kachale atamwalira, ana awo anagulitsa malowo, ine nkubwerera kwathu ku Mlangeni.

Chaka chachisanu ndi chitatu mpaka cha makumi awiri ndi chimodzi: pa loji

Sindinakhalitse pakhomo. Mayi Kamoto, amene anali atapuma ntchito m'boma, anamanga loji m'mbali mwa msewu waukulu pafupi ndi pa boma, ndipo anandilemba kuti ndiziyang'anira zipinda. Anali mayi wolankhula pang'ono, wokonda zinthu zolembedwa. Loji inakula ine ndikuona: zipinda zinafika makumi awiri ndi zinayi, kenako holo ya misonkhano. Tinadutsa m'nyengo zovuta. Mafuta agalimoto atasowa, alendo ankagona masiku atatu osafuna, magalimoto ali pamzere. Magetsi akamazimazima tinkaphika pa mbaula zinayi kuseri kwa khitchini. Mamanijala ankabwera ndi kupita, anyamata a mataye ndi mapepala awo, ndipo aliyense ndinkamusonyeza ndine pamene pali makiyi, amene amatigulitsa nkhuku zabwino, ndi alendo osafunika kuwaika zipinda zoyandikana. Manijala wachitatu atachoka, mayi Kamoto anandiuza ali pakhomo la ofesi kuti, "ANandau, amene akubwerayu akadzachoka, ofesi ino ndi yanu. Mapepala si kanthu, loji ino mumaidziwa ndinu." Mawu amenewo ndinawasunga zaka zinayi.

M'zaka zimenezo ndi m'mene tinayamba kulandira ana a m'makoleji a za mahotela. Ankabwera awiri kapena atatu kudzaphunzira ntchito kwa miyezi itatu, zimene iwo ankati atachimenti. Aliyense ankabwera ndi buku lolembamo zimene wachita tsiku lililonse, komanso fomu imene woyang'anira ankalemba pomaliza ngati mwanayo wakhoza kapena ayi. Fomu ikaipa, mwana ankabwereza chaka. Moyo wawo sunali wophweka. Sankalandira malipiro, ankagona m'kachipinda kosungira matilesi akale, ndipo ife antchito tinkawayambitsira ku zimbudzi kuti tione ngati ali ndi mtima. Mtsikana wina wa ku Blantyre analira sabata yonse, chifukwa kusukulu anamuphunzitsa kupinda nsalu za patebulo ngati maluwa, koma kuno anapatsidwa burashi. Wina anagwidwa dzanja ndi mlendo woledzera, ndipo ndinamuthamangitsa ndine mlendoyo. Sindinkadana nawo ana amenewa. Ndinkawaseka, kuwaphunzitsa, nkuwalembera mafomu abwino, podziwa kuti miyezi itatu ikatha akwera basi.

Chaka cha makumi awiri ndi chiwiri, Seputembala: Tamandani

Tamandani anabwera yekha, atanyamula chikwama chimodzi. Nditamufunsa kwawo anati ku Nzama, makolo ake amalima chimanga ndi kachewere. Ndikanakonda akanakhala mwana wa bwana wa mumzinda, ndikanadziwa pomuika. Koma uyu anali wa kwathu konkuno, wa zikhatho zolimba ngati zanga, wodziwa kugwada popereka moni. Ndinamupatsa zimbudzi za ku holo monga mwa chizolowezi. Anazitsuka, nkubwera kudzandifunsa ngati angachotsenso dzimbiri la m'masinki. Sabata yachiwiri anali ku khitchini, yachitatu pa risepushoni. Pamenepo ndi pamene mtima wanga unayamba kutembenuka. Ankalankhula Chingerezi ndi alendo akunja mpaka iwo kuseka, pamene ine ndinkangodziwa mawu okwanira kupereka kiyi. Kompyuta imene inkangokhala yovindikira ndi nsalu anaiyatsa, nkulowetsamo maina a alendo onse. Mlendo wina amene ndinamulandira kwa zaka khumi anafika tsiku lina nkundidutsa, akufunsa kuti, "Kodi mtsikana uja ali kuti?"

Iwe Chikondi, undikhululukire pa zimene ndikulembazi. Unali ndi zaka zofanana ndi Tamandani, ndipo nthawi imeneyo unali pamsewu kugulitsa tomato, mayeso a Fomu 4 atakuvuta. Ndikaweruka ndinkakupeza utapsa ndi dzuwa, ndipo m'maso mwanga munkabwera Tamandani ali mu yunifolomu yake yoyera. Ndinkafunsa Mulungu chifukwa chake mwana wa wina, wolima kachewere ngati ife, zinamuyendera chonchi. Ndinkakukalipira popanda chifukwa masiku amenewo. Chifukwa chake chinali chimenechi.

Mwanayo sanandilakwire. M'mawa uliwonse ankandipeza kochapira nkunena kuti, "Amayi, mwadzuka bwanji? Lero mundiphunzitsa chiyani?" Ndikamuuza kanthu ankalemba m'buku lake. Tsiku lina ndinasuzumiramo ndipo ndinapeza mawu anga enieni, mmene timachotsera dontho la tiyi pa shiti, atawalemba m'Chingerezi chokongola. Ndinamva ngati wandibera. Nzeru zimene ndinazipeza ndi mawondo pa simenti kwa zaka makumi awiri, iye ankazitola m'masabata, ndipo zikatero zinkasanduka satifiketi yake.

Okutobala: zimene ndinamva, ndi zimene sindinanene

Manijala amene analipo anapereka kalata yosiya ntchito kumayambiriro kwa Okutobala. Ndinasokesa diresi yatsopano, ndikudikira kuitanidwa. Masana ena ndikupukuta mawindo a pakhonde ndinamva mayi Kamoto akulankhula pa foni ndi mchemwali wawo. Ankati, "Ndapeza mwana kuno, wa nzeru zoopsa. Akamaliza sukulu chaka chamawa ndimusungira ofesi. ANandau angogwirizira kaye." Nsanza inagwa m'manja mwanga. Kugwirizira! Ngati mwala woika pachitseko kuti chisatsekeke.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti alangizi a zaumoyo ochokera m'madera osiyanasiyana adzachita msonkhano wa masiku atatu pa loji yathu, kuyambira Lachiwiri, ndipo adzagona pomwepo. Mayi Kamoto anatiitana tonse awiri nkunena kuti, "Msonkhano uwu auyendetsa Tamandani, ndione mmene angachitire. ANandau, inu muzimuthandiza." Ndinavomera ndikumwetulira.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, bambo wina wokonza mapaipi a madzi amene tinkapemphera naye anandiimitsa. Anati, "ANandau, Lachiwiri ndi Lachitatu titseka madzi mbali yanu, tikusintha paipi yaikulu. Mudzazetu mathanki mawa." Ndinathokoza. Pa loji panali mathanki awiri. Lapamwamba linkadzaza lokha, koma alendo akachuluka linkatha tsiku limodzi. Lina lalikulu linali kuseri kochapira, ndipo kuti lidzaze pankafunika kutsegula mpopi wina wobisika m'maluwa. Amene ankachita zimenezi nthawi zonse ndinali ine.

Lolemba m'mawa Tamandani anandipeza ndikupinda mataulo. Anali ndi pepala lalitali. Anawerenga: nkhuku, mpunga, kachewere, makala ngati magetsi angazime, makandulo, sopo, mipando, maluwa a patebulo. Kenako anati, "Amayi, pali chimene ndaiwala?" Ndinatenga pepalalo nkuliyang'ana. Mawu akuti madzi panalibe. Ndinamubwezera nkuti, "Zonse zilipo. Paja iwe ndi wa kusukulu." Anaseka, koma sanachoke. Anati, "Zoona amayi? Mtima wanga ukundiuza kuti pali china." Ndinayankha kuti, "Palibe." Tsiku lonselo madzi ankatuluka bwino m'mipopi. Ndinadutsa pa maluwa aja katatu. Ndinkadziuza kuti ndingofuna mayi Kamoto aone kusiyana kwa buku ndi ntchito, kuti zinthu zikavuta pang'ono ndidzatulukira ine nkukonza. Sindinaganize kuti mapaipi akauma ngakhale ine sindidzakhala ndi chokonzera.

Lachiwiri zonse zinayenda bwino, alendo anayamikira chakudya. Lachitatu m'mawa thanki lapamwamba linauma. Munali mu Okutobala, kukutentha, anthu oposa makumi atatu akufuna kusamba, zimbudzi zosagujumula. Pofika nthawi ya tiyi fungo linali litalowa mu holo. Mkulu wa msonkhanowo, mayi wamtali wa magalasi, anaima pa risepushoni nkukalipa kuti iwo amaphunzitsa anthu za ukhondo, sangakhale pamalo otere. Tamandani anapepesa, nkupempha maola awiri. Anavula nsapato zake zakuda, anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, nkusenza ndowa kupita ku mjigo wa kusukulu ya pulayimale, mtunda ndithu. Antchito ena anamutsatira, inenso ndinasenza. Ulendo wachisanu ndinali kumbuyo kwake. Madzi ankakhavukira pamsana pake, zidendene zitang'ambika ndi miyala, ndipo anatembenuka nkundiuza kuti, "Amayi, inu pumulani, msana wanu uja." Ndinapitirira ndi ndowa yanga. Ndowa sizikanakwanira anthu onse aja. Masana alendo analongedza nkusamukira ku loji ina.

Novembala: fomu

Mayi Kamoto sanakalipe pagulu. Anamuitana Tamandani mu ofesi, ndipo anatuluka maso atatupa. Kuyambira tsiku limenelo anabwezedwa ku zimbudzi. Sanaleke kundipatsa moni, koma anasiya kufunsa chimene ndimuphunzitse. Mlonda anandiuza kuti mwanayo sakudya, ndipo anamumva akuuza mayi ake pa foni kuti mwina sukulu abwereza, iwo asagulitse kaye mbuzi zokonzekera chisangalalo chomaliza sukulu.

Kutatsala sabata kuti Tamandani achoke, mayi Kamoto anandipatsa fomu yake. Anati, "Lembani kuti ndi wosasamala, sangapatsidwe udindo. Ine ndisainira m'munsi. Ndinalakwitsa, aNandau. Ofesi ija tikambirana mwezi wamawa." Chimene ndinachifuna zaka zonse chinali m'manja mwanga. Ndinapita nayo kunyumba fomuyo, ndipo inakhala m'Baibulo masiku atatu. Ndikati ndilembe, dzanja linkakana. Loweruka bambo anu anandipeza ndili khale pansi pa mtengo wa pichesi nkufunsa chimene chikundidya. Ndinawauza zonse. Iwo anati, "Mayi a Chikondi, ofesiyo mukaitenga, tsiku lililonse muzidzatsegula ndi kiyi uti?" Ndinakwiya. Ndinati iwo sadziwa kuwawa kwa kukolopa zaka makumi awiri kenako mwana wa dzulo nkudzakukhalira pamutu. Ndinati mwanayo ndi wamng'ono, chaka chimodzi si kanthu kwa iye, pamene ine mwayi wanga ndi womaliza. Iwo anati, "Zonsezo ndi zoona. Koma akanakhala Chikondi?" Anadzuka nkupita kukamwetsa ng'ombe.

Musaganize kuti nsanje inandichokera tsiku limenelo. Lolemba ndinalowa mu ofesi ndikumudabe mwanayo mumtima. Chimene sindikanatha chinali kulemba bodza ndi dzanja langa nkusaina dzina langa. Ndinaika fomu patebulo yosalemba kanthu. Ndinati, "Mayi, za madzi ndinkadziwa ine kuyambira Lamulungu. Anandifunsa kawiri ngati waiwala kanthu, ndinamuuza kuti palibe." Mayi Kamoto anavula magalasi. Anafunsa, "Chifukwa chiyani?" Ndinati, "Ndinakumvani pa foni. Munati ndingogwirizira." Iwo anati, "Mukanabwera kudzandikalipira ine, aNandau. Mawu amenewo ndinanena ndine, osati mwanayu." Anatuma munthu kukamuitana Tamandani, nkundiuza kuti ndibwereze pamaso pake.

Ndinabwereza. Tamandani anaima pafupi ndi chitseko, manja akununkha mankhwala a m'zimbudzi. Ndinkayembekeza kuti alira kapena anditukwana. Iye anangoti, "Amayi, m'buku langa ndinalemba kuti munthu amene wandiphunzitsa kwambiri pano ndinu. Aphunzitsi anga anawerenga kale." Anapempha chilolezo nkutuluka. Fomu analemba okha mayi Kamoto, ndipo anamupatsa malikisi apamwamba. Ine sanandichotse ntchito, anati zaka zanga zandipulumutsa, koma makiyi a sitolo anandilanda ndipo za ofesi sizinatchulidwenso. Analemba manijala wina wochokera ku Lilongwe. Tsiku limene Tamandani ankachoka anatsanzika aliyense. Atafika kwa ine anagwada monga mwa mwambo, nkuti, "Tsalani bwino," osatchula amayi.

Chaka cha makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi mpaka kupuma

Tamandani sanabwere chaka chotsatira monga anafunira mayi Kamoto. Anakagwira kaye ku hotela ina yaikulu mumzinda. Patatha zaka zinayi, mayi Kamoto atayamba kudwaladwala, anamupempha ndipo anavomera kudzakhala manijala. Usiku woti mawa afika, antchito anzanga ankandinong'oneza kuti ndilongedze. Koma iye atafika sanandichotse. Sanandibwezere choipa chilichonse, komanso sanayerekeze ngati palibe chinachitika. Kwa chaka chathunthu tinkalankhulana za ntchito zokha. Ndinkamuitana kuti bwana, mwana amene ndinamusonyeza kagwiridwe ka chikolopa, ndipo mawu amenewo ankandiwawa tsiku lililonse.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingabise. Anakumbitsa mjigo wathuwathu. Ana a atachimenti anawachotsa m'kachipinda ka matilesi nkuwapatsa chipinda chenicheni, ndipo analamula kuti mwana aliyense azizungulira mbali zonse za ntchito, osati kumangotsuka zimbudzi. Alendo anachuluka. Ndinkaona zinthu zimene ine sindikanaziganiza ndikanakhala mu ofesi muja, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa china chilichonse. Chinasintha zinthu pakati pathu ndi maliro a agogo anu. Tamandani anabwera ku Mlangeni, anavula nsapato, nakhala pamphasa ndi azimayi kuyambira m'mawa mpaka titaika. Pochoka anandigwira dzanja nkuti, "Pepani amayi." Ndinagwira naye zaka zina zinayi mpaka msana unandikaniza.

Tsopano ndili pakhomo. Tamandani anakwezedwa, akuyang'anira maloji atatu, ndipo ali ndi galimoto yakeyake yofiira. Akamapita ku Dedza amadutsa pamsewu wathu, akandiona amaliza hutala, nthawi zina amaima nkundisiyira buledi ndi shuga. Ndimamufunsa za ana ake, iye amandifunsa za msana. Ndimamukonda mwanayo, ndipo ndikamamwetulira sindinamizira. Koma galimoto ija ikanyamuka ndimaiyang'ana mpaka itabisika paphiri, ndipo kanthu kaja kamandigwirabe pamtima. Bambo anu amadziwa. Amandisiya kaye ndiime pomwepo, kenako amandiitana kuti tiyi akuzizira.